Paipi Yaikulu ya Madzi Ikaphulika ku Senga Bay: Mafunso ndi Mayankho kwa Obwera Kunyanja

Awa ndi mafunso amene timafunsidwa mobwerezabwereza pa foni, pa WhatsApp ndi pa kauntala, makamaka ndi aphunzitsi, atsogoleri a makwaya ndi mabanja ochokera ku Lilongwe amene akukonza ulendo wa kunyanja. Malo athu ndi aang'ono: zipinda zogona, khitchini, dziwe losambiramo, makatungwe a ana ndi bwalo la mchenga. Komabe zimene tayankha pano zikukhudza malo ambiri a m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, aakulu ndi aang'ono omwe.

Kodi paipi yaikulu ndi iti, ndipo ikusiyana bwanji ndi mapaipi a pamalo panu?

Madzi akapopedwa ndi kuthiridwa mankhwala amakwezedwa m'mathanki a pamtunda, kenako amatsika m'paipi yonenepa yokwiriridwa m'mbali mwa msewu. Imeneyo ndiyo yaikulu. Timapaipi topita m'nyumba, m'magolosale ndi m'malo ogona alendo timachokera pa iyo.

Malire ake ndi mita yowerengera madzi. Kuchokera pa mita kulowa mkati mwa mpanda ndi udindo wathu, ndipo pakadontha pulambala wathu amakonza inu osadziwa n'komwe. Kunja kwa mita ndi kwa bungwe loona za madzi. M'matauni a chigawo chapakati, kupatula mzinda wa Lilongwe, bungwelo ndi Central Region Water Board, limodzi mwa mabungwe asanu amene amagwira ntchito pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995. Paipi yaikulu ife sitiloledwa kuigwira, ngakhale itaphulikira pageti pathu penipeni.

Nyanja ili pompo. Bwanji osangotunga m'nyanjamo?

Funso limeneli limabwera kuposa onse, ndipo ena amafunsa atakwiya. Kutunga timatunga ndithu, koma madziwo ntchito yake ndi yochepa: kugejemulira zimbudzi, kukolopa pakhonde ndi kuthirira kapinga. Kumwa, kuphikira, kutsukira mbale ndi kutsuka mkamwa, ayi.

Madzi a m'mphepete si ofanana ndi a pakati pa nyanja. M'mphepetemu ndi momwe anthu amasambira, kuchapa, kutsuka mapoto ndi kutumbula nsomba. Maboti amathiriramo mafuta pomwepo. Mvula ikagwa, zonse za kumtunda, kuphatikizapo za m'zimbudzi zokumba zimene zasefukira, zimatsikira momwemo. Madziwo amaoneka oyera bwino m'ndowa, koma maso saona tizilombo.

Amene anaiwala akumbukire mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Unali woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino: odwala anaposa 58,000 ndipo omwalira anaposa 1,700. Maboma a m'mbali mwa nyanja, monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Mwini malo amene angathire madzi a m'mphepete m'thanki ya kukhitchini kuti alendo asadandaule, kwa ife ameneyo ndi woopsa kuposa amene wangotseka geti.

Palinso likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, ndipo timalowera pakhungu, osati pakamwa pokha. N'chifukwa chake madzi ongotunga kumene m'nyanja sitiwapititsa kubafa. Akakhala m'thanki masiku awiri tizilombo ta likodzo timafa, koma zimenezo sizikutanthauza kuti asanduka akumwa.

Ndiye kuti madzi akasiya mumatsekeratu malo?

Osati nthawi yomweyo. Chimene chimatseketsa malo si ludzu, chifukwa madzi a m'mabotolo amagulidwa. Chimatseketsa ndi chimbudzi ndi khitchini.

Anthu khumi ogona m'zipinda tikhoza kuwasamala ndi ndowa kwa masiku angapo. Anthu 300 obwera pa mabasi tsiku la tchuthi, amene adya nsima ndi chambo, amwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ana awo akuthamangira kuchimbudzi mphindi iliyonse, ndi nkhani ina. Chimbudzi chogejemula chopanda madzi chimaipa msanga kuposa chokumba, ndipo malo osambira m'manja akauma, ophika ndi odya omwe ali pangozi.

Motero timatseka motsatana. Poyamba timaleka kulandira magulu ongobwera kudzacheza masana. Kenako timaimitsa kuchapa nsalu za pabedi ndi kuthirira maluwa, n'kuchepetsa zakudya zofuna madzi ambiri, monga masaladi osaphika. Zipinda zogona ndizo zimatsekedwa pomaliza. Ayezi timasiyiratu kupanga.

Chimaphulitsa mapaipi amenewa n'chiyani?

Zifukwa zake n'zambiri, ndipo kawirikawiri zimakumana ziwiri kapena zitatu pamalo amodzi.

Choyamba ndi ukalamba. Mapaipi a chitsulo amadyeka ndi dzimbiri, a simenti akale amafumbutuka, ndipo a pulasitiki akakhala pamtunda padzuwa amauma n'kuyamba kusweka ngati chikho. Polumikizira mpamene pamayamba kugonja.

Chachiwiri ndi dothi. Kufupi ndi nyanja ndi mchenga, umene mvula yamphamvu imakokolola n'kusiya paipi ili lende pa chigwembe, yopanda chotsamira. Cha kumtunda, m'madambo, kuli dothi la makande limene limatupa nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Paipi yokwiriridwa m'dothi lotere imakokedwa uku ndi uku chaka ndi chaka. Onjezanipo mizu ya mitengo, magalimoto olemera onyamula mchenga ndi njerwa, makina okonza misewu, khasu la wolima m'mbali mwa msewu ndi moto wolusa umene umasungunula paipi ya pulasitiki yoonekera.

Chachitatu, chimene ambiri sachiganizira, ndi magetsi. Pampu ikazima mwadzidzidzi, madzi amene amathamanga m'paipi amaima kamodzin'kamodzi n'kubwerera mwamphamvu, ndipo kugunda kumeneko kumang'amba pofooka. Magetsi akayaka, paipi imadzazidwanso muli mpweya, kugunda kuja n'kubwerezanso. Aliyense amene anali m'dziko muno mu 2022, mphepo yamkuntho ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, akudziwa mmene kuthimathima kwa magetsi kunakulira. Mapampu a madzi nawo amadalira magetsi omwewo.

Malo otsika amalandiranso mphamvu yochuluka ya madzi. Thanki ikakhala pamwamba, mamita 10 alionse otsika amawonjezera mphamvuyo ndi bar imodzi, muyezo wa mphamvu ya madzi m'paipi. N'chifukwa chake mipopi ya kugombe imatulutsa madzi mwamphamvu, koma mapaipi ake amasenzanso katundu wolemera.

Chomaliza ndi anthu: oba zitsulo ndi zotsekera, olumikiza madzi mozemba, ndi oboola paipi kuti amwetse ng'ombe kapena kuumba njerwa.

Kodi zoterezi zimangochitika kuno kwathu?

Ayi. Ku America, mumzinda wa Sandusky m'chigawo cha Ohio, kuli malo otchuka a zisangalalo otchedwa Cedar Point, amene anayamba mu 1870 ndipo ali ndi mahotela awoawo. Ali pa kamtunda kolowa m'nyanja ya Erie, madzi pafupifupi mbali zonse. Mu Juni 2014 paipi yaikulu yopititsa madzi kumeneko inaphulika, ndipo malowo anatsekedwa Loweruka ndi Lamlungu, nyengo imene alendo amachuluka. Makina awo a masewera sanawonongeke. Kunalibe madzi a m'zimbudzi, a m'makhitchini ndi ozimitsira moto, basi.

Sitikunena izi podzikhululukira. Tikungosonyeza kuti malo alionse amene ali kumapeto kwa paipi imodzi amakhala pa chiopsezo chofanana, kaya ndi olemera kaya ndi osauka.

Kukonza kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Ngati pophulikapo pakuoneka, zipangizo zilipo ndipo kunja kwauma, ntchito imatheka tsiku lomwelo. Zikavuta, masiku awiri kapena kuposerapo.

Nthawi yambiri sithera pa kulumikiza paipi. Amisiri amayamba apeza pamene pang'ambika, ndipo mumchenga madzi amatha kuyenda pansi n'kukatumphukira patali. Kenako amatseka mavavu (zotsekera madzi a m'paipi), kukumba, kupopa madzi odzadza m'dzenjemo, n'kutchinjiriza m'mbali kuti mchenga usawagumukire. Akadula chidutswa chowonongeka amaika china ndi zolumikizira za saizi yake, ndipo ngati saizi imeneyo palibe pafupi, iyenera kuchokera kwina. Pomaliza amadzaza paipiyo pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya ndi kutsuka matope. Akafulumira pamenepa, imaphulikanso pena.

Choncho mukamva kuti amaliza kukonza, musathamangire kubafa. Madzi amayamba afika m'malo otsika ndi oyandikira thanki, ndipo a kumapeto kwa mzere amadikira maola ena.

Simuli ndi thanki yosungira madzi?

Tili nayo, ngati mmene alili malo ambiri kuno. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Thanki yodziwika ija ya malita 5,000 ndi zigubu 250 za malita 20. Zikumveka zambiri. Tsono kugejemula kamodzi kumadya malita 6 mpaka 9, ndipo shawa imatha kutulutsa malita 10 pa mphindi imodzi. Munthu amene wachoka mumchenga n'kuima pashawa mphindi zisanu wamaliza malita 50. Mukaphatikiza kuphika, kutsuka mbale ndi kukolopa, mlendo mmodzi wogona kufika malita 100 patsiku sichachilendo. Pa mlingo umenewo thanki ija ikukwanira anthu 50 tsiku limodzi lokha.

Anthu omwewo atasamba pandowa, thankiyo ikhoza kuwafikitsa masiku atatu. Ndiye tikakubweretserani ndowa ndi kapu pakhomo, musaone ngati takupeputsani.

Nanga mjigo kapena chitsime chanuchanu?

Malo ena ali nazo, ndipo zimathandiza. Koma kufupi ndi nyanja madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo mchenga sutchinga zoipa zochokera m'maenje a zimbudzi. Chitsime chosaya pamalo otere chimafunika kuyezedwa kawirikawiri ndi kuthiridwa klorini. Mu 2024 nyanja itadzadza n'kulowa m'mabwalo ndi m'zipinda za malo ena ogona alendo, maenje a zimbudzi a m'malo otsika nawo anamira, ndipo zitsime zoyandikana nawo sizikanadalirika.

Kupopa madzi ambiri m'nyanja kapena pansi pa nthaka pochita bizinesi kumafunanso chilolezo cha National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la Water Resources Act la 2013. Mukamva mwini malo akunena kuti "tili ndi madzi athuathu", mufunseni kuti amawathira chiyani ndipo anawayezetsa liti. Wochita zinthu mwadongosolo sakhumudwa ndi funso limenelo.

Ndili m'chipinda ndipo madzi asiya. Ndichite chiyani?

Tsekani mipopi yonse imene munatsegula poyesa. Anthu amaiwala, n'kupita kugombe, madzi n'kubwera iwo kulibe. Pobwera amapeza chipinda chasanduka dziwe, zikwama zili m'madzi, thanki yathu yatha.

Zimitsani giza yotenthetsera madzi. Ikayaka mulibe madzi imapsa. Kenako tiuzeni ku ofesi kuti tikubweretsereni ndowa ya kuchimbudzi, ya kubafa ndi madzi akumwa. Ndowa ya kuchimbudzi timaiika chizindikiro chifukwa mwina muli madzi a m'nyanja, ndipo chifukwa chake chili pa funso la kutunga m'nyanja pamwambapa. Ngati muli ndi khanda, wodwala kapena agogo, nenani msanga, amenewo timayamba ndi iwo.

Madzi abwera koma ndi ofiira, ndipo mpopi ukutsokomola. Ndingamwe?

Musamwe kaye. Kutsokomolako ndi mpweya umene unalowa paipi ili yopanda kanthu. Kufiirako ndi dzimbiri ndi matope zimene zatakasika, komanso dothi lolowa pamene amakonza. Chodetsa nkhawa kwambiri sichioneka: paipi ikakhala yopanda madzi, madzi oipa a m'nthaka amatha kulowera m'ming'alu ndi polumikizira.

Tsegulani mpopi wa madzi ozizira mpaka ayere. Ngati akuoneka oyera ngati mkaka koma n'kumayera kuyambira pansi mukawasiya m'tambula, umenewo ndi mpweya chabe. Ngakhale ayere, tsiku loyamba ndi lachiwiri akumwa awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Madzi a matope ayambe adikha n'kusefedwa pa nsalu yoyera, chifukwa klorini sagwira bwino m'matope. Zovala zoyera musachape ndi madzi oyambawo.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, mpatseni Thanzi ORS wosungunulira m'madzi owiritsa ndipo pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti mukafike kaye kwanu. Chipatala chachikulu cha boma chili ku Salima boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kuno, ndipo pali zipatala zing'onozing'ono pafupi.

Dziwe losambiramo lili ndi madzi. Bwanji mwalitseka?

Madzi a m'dziwe amazungulira okhaokha kudzera mu sefa, ndiye paipi ikaphulika saphwa. Koma dziwe limadalira shawa ndi chimbudzi zili pambali pake. Zikauma, anthu amalowa ndi mchenga ndi thukuta, ndipo ana amachita zimene ana amachita. Sefa nayo imafuna madzi potsuka. Ngati alendo ndi ochepa timalisiya lotsegula, akachuluka timatseka. Makatungwe, mpira wa pamchenga ndi maboti opita ku chilumba cha Namalenje sizikhudzidwa.

Ndinalipira kale. Ndalama zanga zibwezedwa?

Apa malo amasiyana, choncho funsani musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo yankholo likhale lolembedwa, ngakhale pa uthenga wa pa foni.

Kwathu kuno timati: ngati ife ndi amene takuuzani kuti musabwere, kapena tatseka muli pano, ndalama za masiku amene simunagone timabweza zonse, kapena mumasankha tsiku lina. Ngati malo ndi otsegula, madzi a m'ndowa alipo, koma inu mwasankha kuchoka, timakambirana. Ndalama ya basi imene munachita hayala sitingabweze.

Maganizo athu ndi akuti mawu oti "si vuto lathu" sakwanira. Zoona, paipiyo si yathu. Koma mlendo analipira chipinda chokhala ndi bafa logwira ntchito, ndipo kusunga madzi a padera ndi mbali ya bizinesi ya kunyanja. Ngati mwini malo wakana kumva zilizonse, madandaulo a ogula amalandiridwa ku Competition and Fair Trading Commission. Sungani risiti ndi mauthenga onse.

Ndi nyengo iti imene vutoli limakonda kuchitika?

Kuphulika kwenikweni kumachuluka mvula ikayamba kukokolola, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Koma kupweteka kwake kumakula mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la ku Salima likafika poti nsapato zikuotcha, aliyense akufuna madzi ndipo mathanki sachedwa kutha. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, limagwera pakati pa nyengo imeneyi, ndipo tsiku limenelo msewu wochokera ku Lilongwe umadzaza mabasi ndi maminibasi olunjika kuno. Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka ndi chimodzimodzi. Miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, alendo amachepa ndipo thanki imakhalitsa.

Ndikubwera ndi ana asukulu kapena gulu la mpingo. Ndikonzekere bwanji?

Imbani foni madzulo a tsiku loti mawa ulendo, ndi m'mawa musananyamuke. Musangofunsa kuti "madzi alipo?" chifukwa yankho lake nthawi zonse ndi "alipo". Funsani ngati akuchokera ku paipi kapena m'thanki, thankiyo ndi ya malita angati, zimbudzi zilipo zingati, ndipo tsiku limenelo akuyembekezera magulu angati. Funsaninso ngati pali chimbudzi chokumba cha padera. Malo amene anasunga chimodzi kuseri, chosamalidwa bwino, ndi amene amapirira tsiku lovuta.

M'basimo ikani zigubu zingapo za madzi akumwa ochokera kwanu, sopo, ndowa ya mpopi yosambira m'manja ndi mapaketi a Thanzi ORS. Kunja kukatentha, mwana amene akusewera pamchenga tsiku lonse amafuna madzi ochuluka kuposa botolo limodzi limene amayi ake amuikira m'chikwama. Aphunzitsi auze ana asanatsike kuti madzi a m'nyanja sakumwa, ndipo chimbudzi si m'nyanja.

Inu muli ndi thanki. Nanga anthu a m'midzi yozungulira amatani?

Amavutika kuposa alendo athu, ndipo tisabise. Paipi yomweyo ndi imene imafika pa mipopi ya m'midzi, m'masukulu, pamsika ndi kwa amayi ophika nsima ndi tchipisi pa siteji. Iwo alibe thanki. Mizere pa mijigo imatalika kuyambira m'bandakucha, a kabaza amakweza mtengo wa chigubu, ndipo amene alibe ndalama amatsikira kunyanja. Antchito athu ambiri amachokera m'midzi yomweyi. Amene wakubweretserani ndowa yofunda m'mawa mwina kunyumba kwake sanasiye dontho.

Palinso china chimene eni malo sakonda kuchinena. Madzi akangobwera, mathanki akuluakulu onse amayamba kudzaza nthawi imodzi, ndipo a kumapeto kwa mzere amachedwa kulandira. Ena amafika poika pampu yokoka madzi molunjika kuchokera ku paipi. Kumeneko n'kulanda anzako. Ife timadzaza usiku, anthu atatunga.

Paipi yopita ku Lilongwe ija ikatha, vutoli litha?

Ntchito imeneyo, imene kontrakitala wake ndi Khato Civils, cholinga chake chachikulu ndi kupopa madzi m'nyanja kuno ku Salima kupita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100. Kuchuluka kwa madzi ndi nkhani ina, kulimba kwa mapaipi a m'misewu yathu ndi nkhani inanso. Paipi yokalamba ya m'mbali mwa msewu imaphulika ngakhale kumene ikuchokera kuli madzi osefukira. Thanki, ndowa ndi chimbudzi cha padera zidzafunikabe.

Ndaona madzi akutumphuka m'mbali mwa msewu. Ndiuze ndani?

Imbirani ofesi ya bungwe la madzi. Nambala yake imapezeka pa bilu ya madzi, ndipo malo ogona alendo alionse ali nayo. Ngati simukudziwa, uzani ife kapena mwini golosale wapafupi. Tchulani chizindikiro chodziwika, monga sukulu, mlatho, mzikiti kapena tchalitchi, ndipo ngati n'kotheka tumizani chithunzi. Musaganize kuti wina wanena kale.

Nthawi ya chilimwe, malo onyowa kapena udzu wobiriwira pamene ponse pauma ndi chizindikiro cha paipi yodontha pansi. Musayendetsepo galimoto, chifukwa mchenga wa pansi pake umakhala utakokoloka, ndipo ana asaseweremo.